Tsiku Limene Tinakwecha Nachisale

Ndiyambe ndi kunena kuti ine sindinachite dala. Anthu akamaikamba nkhaniyi pa Chezi amaiwonjezera mchere, mpaka ena akuti tinasambitsa sitima ndi sopo wonunkhira n'kuidzoza mafuta. Limenelo ndi bodza, sopo sanafikeko. Tinagwiritsa mchenga, phulusa ndi mandimu.

Amuna anga, a Enoki Kadzakumanja, anayendetsa sitima zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo zaka zambiri mwa zimenezo anali ndi mutu wa sitima umodzi womwewo, wa dizilo. Madalaivala anaupatsa mfunda ngati munthu, ankati Nachisale. Ine ndinkangoti mkazi mnzanga. Mose, mwana wathu woyamba, anabadwa bambo ake ali ku Balaka ndi Nachisale. Tsiku la maliro a mayi anga anafika manda atakwirira kale, m'zikhadabo muli girisi wa Nachisale. Ndiye musandifunse chifukwa chimene sindinkamukondera.

Chaka china a kampani anatumiza mutuwo kuno kudzakoka miyala, pa kanjanji kamene kankakwera phiri kupita kumene ankaphwanya miyala ya njanji. Mvula inagwa masiku anayi osapuma, kamlatho kanapita ndi madzi, Nachisale n'kutsala tsidya lino. Akuluakulu anati abwera kudzakonza mvula ikatha. Mvulayo yatha kakhumi ndi kasanu n'kawiri, ife tikudikirabe. Chaka chotsatira amuna anga anapuma ntchito, tinabwera kudzakhala kwathu kuno, ine mumtima ndikuti tsopano bamboyu ndi wanga ndekha. Ndikupeza mkazi mnzanga wanditsogolera kale, waima kuseri kwa munda wa fodya wa achimwene, kuyenda pang'ono chabe kuchokera pakhomo.

M'mawa uliwonse a Enoki ankanyamula kabotolo ka oilo ndi kansanza, ulendo kwa Nachisale. Ankathamangitsa mbuzi, kuvundikira potulukira utsi ndi lata kuti mvula isalowe, kupaka girisi paliponse pamene payenera kuzungulira, ngakhale palibe chimene chinazungulirapo chichokere chaka cha kamlatho. Ankandiitana kuti ndikaone m'kati. Ndinkati ndili ndi mtedza woti ndiswe, ndipo sindinakwereko n'kamodzi komwe.

Kenaka kunabwera uthenga wakuti mitu yonse yakale yagulitsidwa kwa odula zitsulo, ndipo kwathu kuno afika Lolemba ndi moto wawo uja wodulira. Amuna anga anasiya kudya. Ankangokhala pakhonde, kansanza kali m'manja, kuyang'ana kuphiri. Ndinene zoona, ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinachita mantha kuti chitsulocho akachidula, nawonso sakhalitsa.

Mose ndiye anapeza bungwe lina ku Lilongwe losunga zinthu zakale. Bambo ake analilembera kalata ya masamba anayi, ndipo yankho linabwera pa foni. Bungwelo linaloledwa kupulumutsa mutu umodzi wokha mwa itatu imene inatsala, ndipo mayi wina, a Eleanor Chagunda, anali ataona kale iwiri. Loweruka adzabwera kudzaona Nachisale. Akakana, Lolemba ndi moto.

Lachisanu m'mawa a Enoki anavala jekete kuti akakwere minibasi, akagone kwa Mose, mawa lake adzabwere limodzi ndi mlendoyo. Ali pachipata anatembenuka.

"Make Mose, Nachisale musamukhudze. Mayiwo anena kuti tisavutike, akufuna adzamuone mmene alili."

"Ndamva, bambo a Mose, pitani bwino."

Ndinamvadi. Koma tandiuzani, ndi mlendo uti amene sanena kuti musavutike? Abusa akamabwera kudzayendera mpingo amati musavutike, ife n'kuzira nyumba, kupaka laimu miyala yonse kuyambira pamsewu, nkhuku ziwiri n'kufa. Apongozi akamabwera amati musavutike. Mutati muwamvere, angakunyozeni mpaka ku Ntchisi. Mawu amenewo ndi ulemu chabe, munthu wolera ana sawatengera pamtima.

Ndinapita kukamuona mkazi mnzangayo, ndipo ndinagwira pakamwa. Utoto wake unali utasuluka, osadziwika kuti unali wobiriwira kapena wotuwa. Zitosi za mbalame kuyambira kumutu mpaka kumchira, akangaude m'mawindo, girisi wakuda bii m'mateyala. Amuna akati akusamala chinthu, amatanthauza kuchipaka zakuda. Mlendo wochokera ku Lilongwe adzaone zimenezi, adzati kuno kulibe akazi? Ine ndine wapampando wa amayi a Chigwirizano pa mpingo wathu, manyazi oterewa sindikanawalola.

Pofika teni koloko tinalipo amayi makumi awiri ndi atatu. Ena anasenza mchenga wa kumtsinje, ena phulusa, ena zinkhupule ndi zisononkho. A Faines, mnansi wanga wa mawu ngati belu, anagwedeza mtengo wawo wonse wa mandimu. Laimu tinatenga amene anatsala popaka tchalitchi. Tinayamba ndi pemphero, monga mwa nthawi zonse, kenaka tinamugwera Nachisale ngati mphika wa pa ukwati.

Sindinasekepo chotero chibadwire. A Faines anamanga chitenje ngati kabudula n'kukwera padenga, akukuwa kuti akuona Salima ndi anthu ake omwe. Mayi wina anakoka chingwe poyesa kuti ndi hutala, kunatuluka mileme, amayi asanu n'kugwera m'ndowa imodzi. Tinkaimba, tikukwecha motsata nyimbo, mchenga ukulira pachitsulo. Mateyala onse tinawapaka laimu, mbee. Tinandanda miyala yoyera mbali zonse za njanji, n'kumanga chipata cha masamba a nthochi. Pamphuno pa Nachisale tinajambulapo maluwa ndi dothi la katondo, monga timachitira pakhoma la nyumba Khirisimasi ikayandikira.

Dzuwa lili paliwombo ndinakwera makwerero atatu a Nachisale n'kusuzumira m'kachipinda ka dalaivala. Magalasi anga ndinali nditawasiya kunyumba, komabe ndinaona zokwanira. Khoma lonse, kuyambira kudenga mpaka m'munsi, linali lolembedwalembedwa ndi utoto, wina woyera, wina wofiira, mizere yopita uku ndi uku ngati chimbudzi cha anyamata pa sukulu.

"Ichi ndiye chamanyazi kuposa zonse," ndinatero. "A Faines, tsikani padengapo. Tengani a Lidia ndi amayi ena awiri. Khoma ili lisatsale ndi kadontho."

Ine ndinabwerera kukayang'anira za laimu. Ndinkangomva kuseka m'kachipindamo, a Faines akuwerenga mokweza asanafufute. "Tsalani bwino, a Moffat! Pitani bwino, a Nathaniel!" Ndinkayesa ndi masewera awo. Atamaliza anazira pansi ndi dothi lakuda, pa mpando wa dalaivala n'kuyalapo kansalu koluka ka a Lidia, kamene amafunditsa wailesi yawo.

Loweruka tinavala zitenje zofanana n'kundanda pa chipata cha nthochi. Galimoto itangotulukira, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu waukulu. Oyamba kutsika anali mayi Eleanor, wamfupi, wa nsapato zachimuna, kabuku m'manja. Anayang'ana mateyala oyera, anayang'ana maluwa a pamphuno, kenaka anagwira chitseko cha galimoto n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

"Amayi inu! Ndayenda ndaona mitu ya sitima, koma wokonzekera chinkhoswe ndi uyu woyamba!"

Ife tinawonjeza nthungululu, poganiza kuti tapambana. Amuna anga anatsika pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Make Mose, ndinati chiyani?"

"Munati tisavutike. Sitinavutike, tinalipo ambiri."

"Musadandaule, bambo," anatero mayi Eleanor akupukuta m'maso. "Laimu amachoka ndi madzi. Ine ndabwerera khoma lija munalemba m'kalata. Tiyeni mundionetse."

Pomwepo ndinakumbukira zolembalemba zija tinakwecha dzulo lake. Awiriwo anakwera, ife tinatsala pansi tikumwetulirabe. Tinadikira, tinadikira, mpaka a Faines anasiya kuvina. Kenaka amuna anga anatulukira pakhomo, n'kukhala pa khwerero lapamwamba.

Mayi Eleanor ndiwo anatifotokozera, mofatsa, kuseka kuja kutatheratu. Madalaivala a Nachisale anali ndi mwambo wawo. Munthu akamuyendetsa yekha tsiku loyamba, ankalemba dzina lake ndi chaka pakhomapo. Akamwalira, anzake ankaika kamtanda pambali pa dzinalo. Analipo mayina makumi atatu ndi anayi, kuyambira chaka chimene mutuwo unatsika m'sitima ya pamadzi uli watsopano. Mndandanda umenewo sunalembedwe pena paliponse.

"Mitu iwiri ija ili bwino kuposa uwu," anatero. "Umodzi ukulira ndithu mukauliza. Uwu ndimaufunira mayinawo. Tsopano ndikanena chiyani kwa anzanga?"

Ndinafuna nthaka itseguke. Zaka zonsezi amuna anga ankandiitana kuti ndikaone, ine ndili kalikiliki ndi mtedza. Ndinachita manyazi, ndipo ndinadzida.

"Ndiwatchula pamtima," anatero a Enoki. "Lembani, mayi."

Anayamba bwino. Anatchula asanu, asanu ndi atatu, khumi ndi mmodzi. Atafika pamenepo anaima. Anabwerera poyamba, n'kudzaimanso pomwepo. Anthu amene anagawana nawo tiyi wa m'botolo limodzi zaka makumi atatu anawathawa m'mutu tsiku limene ankawafuna. Anagwetsa nkhope, chipewa chikuzungulira m'manja.

"Pepani, bambo Kadzakumanja, mwadumpha a Moffat Chimbalanga."

Tonse tinatembenuka. Anali a Faines.

"Anali pamwamba pa windo lakumanzere, utoto wofiira, 1983, ndi kamtanda. Ndingawaiwale bwanji? Anandithera mandimu atatu bambo amenewo. Anali ouma mutu ali moyo kodi?"

"Kwambiri," anatero amuna anga, akudzutsa nkhope.

"Ine ndinakwecha a Nathaniel Gondwe," anakuwa mayi wina kumbuyo. "Analemba zilembo zikuluzikulu ngati khoma ndi lawo okha. Pansi pawo panali a Aroni Kachingwe, tizilembo tating'ono ngati nyerere."

Mayi Eleanor anatsegula kabuku kawo msangamsanga, n'kujambula makoma a kachipindako. "Mmodzimmodzi, amayi! Amene anakwecha akwere, andilozere malo ake."

Mmodzimmodzi wake uti? Anakwera onse anayi nthawi imodzi, dothi lozira lija likumatirira kumapazi, aliyense akuloza ndi kukuwa. Munthu ukakwecha chinthu theka la ola, mchenga ukukudya zala, sumachiiwala. Ankakumbukira dzina, utoto, chaka, ndi amene anavuta kuchoka. Anakangana za bambo wina ngati anali 1991 kapena 1997, mpaka wina anati seveni wake anali ndi kamzere pakati, iye anamufufuta ndi chikhadabo. Dzina lililonse likatuluka, amayi a pansi ankaimba nthungululu ngati kwabadwa mwana, amuna anga akumenya bondo. "Eya! Ameneyo! Wa ku Ntcheu uja!"

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti anthuwa ndimawadziwa. Anadya m'mbale zanga ku nyumba za kampani. Ndinayandikira windo n'kuyamba kulowerera.

"A Aroni aja lembaninso kuti sankakwera sitima opanda tayi, ngakhale mwezi wa Okutobala. A Nathaniel ankaliza hutala katatu akamadutsa kwawo kwa mkazi wawo, kuti apongozi adziwe kuti mkamwini ali pantchito. A Moffat anandidyera nkhuku yathunthu tsiku la ubatizo wa Mose, n'kufunsa ngati kwatsala msuzi."

"Pang'onopang'ono, mayi," anatero mayi Eleanor, cholembera chikuthamanga. Anali atayambanso kuseka. "Zimenezi pakhoma panalibe."

Amuna anga ankandiyang'ana ngati andiona koyamba. "Mumawakumbukira onsewa, make Mose?"

"Ankawaphikira ndani, si ine?"

Dzuwa litapendeka mayina anakwana makumi atatu ndi anayi. Timitanda tinalipo makumi awiri ndi kamodzi. Mayi Eleanor anayang'ana chojambula chawo, n'kuloza malo amodzi ndi cholembera.

"Paliponse padzaza, kupatula apa, pansi pa windo la dalaivala, pafupi ndi bondo. Panalibe kanthu? Anakwecha ndani mbali imeneyi?"

A Lidia, mayi wofatsa amene amasunga makiyi a tchalitchi, anali atatsika kale n'kubisala kuseri kwa a Faines, akupotokola nsonga ya chitenje.

"A Lidia, munali inu," anatero a Faines.

"Panalibe dalaivala pamenepo," anayankha chapansipansi.

"Nanga panali chiyani?"

"Sindinganene pagulu. Ndi za m'banja."

Amayi onse anasendera kutsogolo ngati munthu mmodzi.

"Nenani, a Lidia," ndinatero ine.

"Panali dzina la mkazi. Ndinaliphimba ndi dzanja kuti anzangawa asaone, n'kulikwecha msanga. Ndimati banja la apampando lingathe chifukwa cha zakale."

"Dzina lake ndani?"

"Tabita, amayi. Ndi deti, 12 Sepitembala 1981."

"A Lidia! Tabita si ine?"

"Ndikudziwa, amayi, koma ndimayesa ndi Tabita wina wa ku Balaka. Munaonapo mwamuna akulemba dzina la mkazi wa m'nyumba mwake pakhoma?"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo, mbuzi zinathawa. A Faines anakhala pansi pa miyala ya laimu, chitenje chonse mbee. Mayi Eleanor anaphimba nkhope ndi kabuku. Ine ndekha ndi amene sindinaseke, chifukwa deti limenelo ndi la ukwati wathu. Amuna anga anali kuyang'ana kuphiri, makutu ali ngati a mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

Mayi Eleanor anati sangalonjeze kanthu asanalankhule ndi anzawo. Foni kuno imagwira pa chulu cha m'munda wa achimwene basi, ndiye anapita kumeneko, gulu lonse likuwaperekeza. Tinkawaona patali ali pamwamba pa chulu, foni kukhutu, dzanja lina likugwedeza kabuku m'mwamba.

Ine ndinakwera makwerero aja n'kulowa. Amuna anga anabwera pambuyo panga, n'kukhala pa mpando wawo, pa kansalu ka wailesi ka a Lidia.

"Bwanji simunandiuze, bambo a Mose?"

"Ndinkakuitanani."

"Mukanati kuli dzina langa."

"Ndiye mukanabwerera dzinalo. Ine ndimafuna mungobwera."

Anandiuza kuti analemba Lolemba lake la ukwati, anzawo akuwaseka, ndipo anasankha pamenepo chifukwa bondo lawo linkapabisa akuluakulu akakwera. Ankayenda nalo ku Salima, ku Balaka, ku Limbe, ine ndili kunyumba ndikutukwana sitima.

Ku chulu kunaphulika nthungululu. A Faines ankabwera chothamanga, manja m'mwamba, akukuwa munda wonse.

"Sadula! Sadula! Akuti mayina adzawaika pa bolodi ndi nkhani zake zomwe, mpaka ya nkhuku! Koma akuti mchenga usadzafikenso pano!"

Amuna anga anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Sindinawafunse ngati akuseka kapena akulira. Panja amayi anali atayamba kale kuvina mozungulira mateyala oyera aja, mayi Eleanor ali pakati ndi nsapato zawo zachimuna.

Ndinatulutsa magalasi m'thumba, tsiku limenelo ndinali nawo, n'kugwada pansi pa windolo. Ndinayang'ana chapafupi, ndinayang'ana cham'mbali kuti mwina kuwala kungaonetse mthunzi wa chilembo, ngakhale T yekha. Ndinapapasa ndi chala. Panali posalala, poyera bwino. A Lidia sanasiye kadontho, monga momwe ndinawauzira.